Mikono ya Jekete ya pa Singano

Nkhaniyi ndinaimva koyamba pa Zalewa, chaka chimene chisanu chinakana kuchoka, ndipo amene anandiuza sanandiuze chifukwa chondikonda. Basi imene ndinakwera ku Ntcheu inafera pamenepo dzuwa likulowa. Kondakitala anati makaniko ali m'njira, mawu amene aliyense woyendayenda amadziwa tanthauzo lake. Anzanga anabalalika kukasaka matola. Ine ndinalibe wondidikira kulikonse, choncho ndinakakhala pa mbaula ya mayi wina wootcha chimanga, chikwama changa chili pamwendo, n'kumaotha moto.

Koma ndiyambe ndi khonde la pa Singano, chifukwa ambiri a inu simunalione lili moyo. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Zimene ndikudziwa ndinaziphunzira ndi mapazi, ndipo kalasi yanga inali m'makonde a masitolo akale a amwenye, ku Zomba, ku Balaka, ku Lilongwe kutsidya kwa mlatho, kumene mvula ikagwa unkatha kuyenda msewu wonse osanyowa. Koma la ku Limbe limene tinkalitcha pa Singano linalibe linzake. Unali mpata wautali pakati pa mizere iwiri ya masitolo, wofoleredwa ndi malata, kulowera msewu uno n'kukatulukira msewu wina. Uku ndi uku kunali matelala, aliyense ndi mashini ake opalasa ndi mapazi, moti ukalowa unkayesa mvula ikugwa padenga pamene kunja kuli dzuwa. Fungo lake linali la nsalu yatsopano, mafuta a mashini ndi simbi ya makala. Ndili mnyamata ndinagonapo pamenepo, m'munsi mwa nsanamira, ndipo palibe anandithamangitsa.

Kumapeto kwa mpatawo, kumene kuwala sikufika bwino, kunali waya, ndipo pa wayapo pankalendewera majekete. Kale amuna akamapita ku migodi ya ku Joni ankayamba adutsa pa Singano, n'kusankha nsalu, telala n'kuwayesa, kuti pobwerako akalowe kumudzi atavala ngati anthu. Telala ankasoka zonse koma mikono osaimaliza. Ankangoigwiriza ndi ulusi woyera, poti munthu amabwerako thupi litasintha, ndipo jekete imamalizidwa mwini wake ataivala. Ambiri anabwera n'kutenga zawo. Ena sanabwere. Majekete a amenewa ndi amene anatsala pa waya. Sankagulitsidwa, sankabwerekedwa. Telala akamwalira, wolowa pa mashini ake ankalowanso pa udindo wowakung'untha fumbi. Palibe anaikapo lamulo. Ankangoti eni ake akubwera.

Ndiye tsiku lina ndinafika pa Singano n'kupeza apaka penti. Munthu wina wamalonda anagula mpata wonse. Matelala anawachotsa, n'kusiyapo mmodzi yekha, nkhalamba Che Ajusa, osati kuti azisoka ayi, koma kuti alendo azimujambula akupalasa. M'masitolo ankagulitsamo khofi ndi ziboliboli. Ngakhale waya uja anamuikira babu pamwamba. Ndinapeza gulu la alendo likuyenda pang'onopang'ono, patsogolo pali bambo wina wamfupi, wanthabwala, atavala jekete yotuwa ya mizeremizere ya kolala yaikulu, akuwalozera nsanamira ndi malata ngati kuti malata ndi chinthu chachilendo. Ndinawatsatira kumbuyo ngati wakuba, ine amene ndinkagona pamenepo. Atafika pa waya anaseka, ena n'kumagwira majekete aja ndi manja a mafuta a mandasi. Ndinatulukamo ndi zinthu ziwiri: chikwama cha zigamba chimene ndinagula pakhomo chifukwa changa chinali chitang'ambika, ndi mkwiyo umene mpaka lero sunandichoke.

Tibwerere pa Zalewa. Ndili pa mbaula paja panafika mayi ndi bambo, oyenda pansi, mapazi atayera ndi fumbi. Bamboyo anali wowonda ngati wochokera m'chipatala, ndipo mkono wake wamanzere unali utamangiriridwa m'chiuno ndi chitenje, mfundo zake zolimba ngati zomangira mbuzi. Mayiyo sanagule chimanga. Anamukhazika mwamuna wakeyo pa njerwa moyang'anizana ndi ine, iye n'kukhala pambali panga, pafupi kwambiri kuposa mmene mlendo amakhalira. Anandipatsa moni mwaulemu koma nkhope ili gwa, kenako anandifunsa ngati ndikudziwa pa Singano.

Nditavomera anati dzina lake ndi Esinala, wa ku Bangwe, ndipo awa ndi amuna ake a Lanjesi, amene ankayendetsa alendo pakhondepo. Ndinawayang'ananso bambowo. Sindikanawazindikira. Bambo wanthabwala uja anali atathera m'maso.

Mayi Esinala anati a Lanjesi atalembedwa ntchito panyumba panali chimwemwe, poti anali atakhala nthawi yaitali akungoyenda. Pakamwa pawo panali pokoma, Chizungu ankachitha, alendo ankawakonda. Koma bwana watsopano uja anati woyendetsa alendo ayenera kuoneka ngati munthu wakale, ndipo analoza pa waya kuti asankhepo jekete imodzi. Che Ajusa anakana. Anati yotuwayo ndi ya munthu wotchedwa Namakhwa, wa ku Phalombe, amene anayesedwa ndi bambo awo a Che Ajusa, ndipo sanaitenge. Bwana anaseka n'kufunsa ngati Namakhwayo wasiya nambala ya foni. Kenako anasiya kuseka, n'kuwauza kuti mashini amene akhalapowo akhoza kupalasidwa ndi nkhalamba ina iliyonse ya ndevu zoyera. Che Ajusa ali ndi zidzukulu zowadalira. Anaitsitsa jekete ija.

Vuto linali mikono. Namakhwa anali wamtali, a Lanjesi ndi aafupi, moti manja ankamira. Che Ajusa anapempha kuti angoipinda n'kuigwiriza, koma bwana anati ulusi woyera ukuonetsa umphawi pa zithunzi. Anaimirira pomwepo mpaka nkhalambayo inatenga sizasi n'kudula kansalu kotalika ngati chikhatho ku mkono uliwonse, n'kumaliza bwinobwino ndi ulusi wakuda. Tinsalu todulidwato tinagwera pansi, wosesa n'kutiponya m'thumba la zigamba.

Poyamba zinali zazing'ono. Che Ajusa ankafika m'mawa n'kupeza singano ili ndi ulusi woyera pamene iwo anasiyamo wakuda. Atsikana ogulitsa khofi ankati potseka madzulo amamva mashini akulira kumapeto kwa mpata, kumene kulibenso mashini. A Lanjesi akavula jekete kunyumba, pamapewa pankakhala fumbi lotuwa, lolemera, osati la ku Limbe lofiira lija, ndipo linkakhala malo awiri okha, ngati munthu anaigwira kumbuyo pofuna kuikweza. Mayi Esinala ankalikung'untha, mawa lake n'kulipezanso.

Kenako a Lanjesi anayamba kubwera kunyumba ali duu. Atawapanikiza anati pagulu la alendo pamakhala wina kumbuyo amene salipira, safunsa funso, sajambula. Wamtali, wovala shati yokha m'chiperoni chonsecho. Nkhope yake sanathe kuifotokoza, ankangoti amaima pamene babu silifika. Chimene chinkawaopsa n'chakuti alendowo ankamupatukira podutsa, koma ukawafunsa ankati sanaone munthu. Anansi ku Bangwe anayamba kudandaula kuti madzulo pamabwera munthu pa chingwe choyanika zovala, amene saba kanthu, amangogwiragwira mikono ya malaya imodziimodzi n'kumapita. Agalu sankamuuwa. Ankalowa pansi pa khola la nkhunda n'kumalira chapansipansi.

Mayi Esinala anawauza amuna awo kuti akabweze chinthu cha eni ake. A Lanjesi anati akabweza jekete abweza ndi ntchito yomwe. Anakangana masiku angapo. Tsiku lina madzulo mayiyo akuchokera kumpopi anapeza chitseko chili pululu, ndipo jekete imene anaipachika pa msomali inali pa mpando, mabatani onse atamangidwa, mikono ili pa tebulo ngati munthu akudikira chakudya. A Lanjesi anali kuchipinda, atadzifunditsa bulangete kumutu. Mayiyo sanafunsenso munthu. Anaikulunga m'chitenje n'kupita nayo okha kwa Che Ajusa.

Nkhalambayo inamasula ulusi wakuda wonse, n'kugwirizanso mikono ndi woyera monga inalili, n'kuibwezera pa waya. Anapepesa pamenepo m'Chiyao chawo, motsitsa mawu. Mayi Esinala anabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

M'mawa mwake jekete inapezeka pansi pa waya, mikono itatembenuzidwa kunja, m'kati muli mofunda. Ndipo a Lanjesi anadzuka manja onse awiri atazizira ngati mwala wa mumtsinje, kuyambira kunsonga za zala mpaka pamene pamakhala wotchi. Sankatha kugwira kapu. Mayiyo atathamangira kwa Che Ajusa, nkhalambayo inayang'ana jekete ija nthawi yaitali.

"Mwini wake waiyesa, mwanangu," anatero. "Yamuchepera."

Apa mayi Esinala anatenga chitsononkho n'kumasonkhezera makala a eni ake mwaukali, mpaka mayi wa chimanga anawayang'ana. Anati chimene sadzaiwala si munthu wamtali uja ayi, koma bwana. Atamufotokozera zonse, maso ake anawala. Anati imeneyi ndi nkhani yabwino kwambiri, alendo amakonda za mizukwa, ndipo ayamba kuyendetsa gulu lina la madzulo ndi nyali. A Lanjesi anawachotsa ntchito chifukwa munthu wosatha kuloza ndi chala sangayendetse alendo. Analemba mnyamata wina wa mawu okoma, amene mpaka lero akafika pa waya amatsitsa mawu n'kusimba za bambo amene anauma manja, alendo n'kumaombera m'manja.

"Amuna anga awa," anatero mayiyo, "asanduka malonda."

Kuchipatala anawapima n'kunena kuti sakuona chilichonse. Kutchalitchi anawapempherera. Koma kuzizira kuja kunayamba kukwera, pang'onopang'ono ngati chinyezi chikukwera khoma. Che Ajusa anati palibe mankhwala ena koma kubwezeretsa zimene zinadulidwa, nsalu yomweyo, osati yofanana nayo. Ndipo pamenepo ndi pamene anadziwa kumene thumba la zigamba linkapita. Bwana ankalipereka kwa amayi ena kuti azisoka zikwama, zimene ankagulitsa pakhomo n'kumati ndi za nsalu zakale za pa Singano.

Mayi Esinala anagwada pakhomopo n'kutembenuza chikwama chilichonse, atsikana ogulitsa akumuseka. Kansalu kamodzi anakapeza. Anakamasula ndi pini, n'kupita nako kwa Che Ajusa, amene anakalumikiza ku mkono wamanja ndi ulusi woyera. Madzulo a tsiku lomwelo a Lanjesi anagwira supuni ndi dzanja lamanja. Pa mbaula paja a Lanjesi, amene anali asanalankhule chifikireni, anakweza dzanjalo pa moto n'kupinda zala kuti ndione. Kenako anatsegula pang'ono kolala ya shati yawo kumanzere. Sindinafune kugwira, koma anandigwira dzanja n'kuliika pamenepo. Phewa lonse linali lozizira, ndipo kuzizirako kunali kutayamba kutsikira pachifuwa, cha pamene mtima umagunda.

Kansalu kachiwiri kanali katagulidwa. Palibe ankadziwa wogula. Mayi Esinala anati masabata oyamba ankangolira, uku akumanga mkono wamanzerewo chifukwa unayamba kuyenda wokha. Dzuwa likamalowa unkadzuka n'kutambasuka, n'kumakoka thupi lonse mpaka a Lanjesi kugwa pa mpando. Iwo ankayesa matenda. Mpaka tsiku lina anazindikira kuti sukoka mwachisawawa. Lero ukaloza kum'mawa, mawa ulozanso komweko. Anatseka nyumba, ana n'kukawasiya kwa achemwali awo, n'kuyamba kuutsatira.

Unawatengera ku Mulanje. Atafika ku Chitakale unatembenuka n'kuloza ku Zomba. Atafika ku Zomba unaloza ku Mangochi. Ku Mangochi anagona pa depoti, m'mawa ukuloza ku Salima. Anagulitsa wailesi, anagulitsa malata amene anasungira nyumba. Anapita ku Dedza, anabwerera ku Balaka, anakafika ku Mwanza kumalire, kulikonse akufika mochedwa ndi tsiku limodzi kapena awiri. Anati poyamba ankaopa kuti chikwamacho chinakwera ndege ndi mzungu. Kenako anayamba kulakalaka chikanakhala chomwecho, chifukwa mzungu amakafika kwawo n'kukhala pansi.

Malo onse amene ankatchulawo ndinali nditapondamo chaka chimenecho, m'ndondomeko yomweyo.

Mayi Esinala anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso koyamba.

"Bambo," anatero, "kodi inuyo mulibe kwanu?"

Anadzuka n'kumasula mfundo za chitenje chija. Mkonowo unagwa pa bondo la a Lanjesi ngati chikuni. Kenako unadzuka. A Lanjesi anatembenuzira nkhope kumbali ngati munthu amene mwana wake akuchita zamanyazi pagulu. Dzanjalo linadutsa pamwamba pa mbaula, pamoto penipeni, osathawa kutentha, n'kufika pa mwendo wanga. Linapapasa chikwama changa chigamba ndi chigamba, chofiira n'kuchidumpha, chamaluwa n'kuchidumpha, mpaka linakaima pansi pa ngodya, pamene panali kansalu kotuwa ka mizeremizere kamene ine ndinali ndisanakaonepo n'kamodzi komwe.

Ndinakhuthulira katundu wanga pansi: sopo, shati, kabuku ka nyimbo, lumo lometera. Ndinawapatsa lumolo kuti adule msanga, koma mayiyo anandikankha dzanja n'kunena kuti kudula ndi kumene kunawafikitsa pano. Anatulutsa pini pa duku lake n'kuyamba kumasula ulusi umodziumodzi, mutu uli pafupi ndi makala kuti aone.

Mayi wa chimanga, amene nthawi yonseyi ankamvetsera chimanga chikupserera, anandikodola n'kundinong'oneza kuti kodi bambo aima kuseri kwa basi yakufayo ali nafe, poti afika nthawi imodzi ndi awiriwa ndipo sakuyandikira moto. Ndinayamba kutembenuka.

"Musawayang'ane," anatero mayi Esinala osadzutsa mutu. "Munthu anasiya chovala chake kuti adzachipeza, ena n'kumusewera nacho. Alakwa chiyani iwowo? Asiyeni, akumva chisanu."

Sindinatembenuke. Koma kumsana kwanga kunazizira mbali imodzi, ngati wina waima pakati pa ine ndi mphepo yofunda ya ku Shire, ndipo ndinamva fungo la fumbi limene si la kuno.

Kansalu katachoka, mayiyo anakawongola pa bondo n'kukaika m'chikhatho cha dzanja lija. Zala zimene zinali zisanapindike miyezi yonseyo zinayamba kutsekeka, chala chimodzichimodzi, mpaka zinakafumbata. Mkono unagwa pa mwendo n'kukhala phee. A Lanjesi anapuma mpweya wautali, n'kunena mawu awo oyamba madzulo amenewo, kuti akumva kuyabwa m'chigongono.

Mayi Esinala sanasangalale. Anati kuyabwa si kuchira, ndipo sagona mpaka kansaluko katalumikizidwa ndi manja a Che Ajusa, amenenso masiku ano akudwaladwala. Ndinawauza kuti adye kaye chimanga, usiku ukadalipo wambiri. Anapukusa mutu, n'kundibwezera chikwama changa chili ndi bowo pangodya, osapepesa, ndipo inenso sindinayembekezere kupepesedwa. Anawadzutsa amuna awo n'kukaima m'mbali mwa msewu.

Minibasi ya ku Blantyre inaima. Anakwera mayiyo, anakwera a Lanjesi. Kondakitala sanatseke chitseko. Anadikira pang'ono, dzanja lili pa denga la galimoto, ndipo ndinamumva akunena mwaulemu kuti, "Weramani bwino, atate, mungagunde mutu." Kenako anatseka, n'kumenya pa chitseko kuti azipita.

Mayi wa chimanga anayamba kulongedza, ngakhale kuti nthawi yake yoweruka inali isanakwane ndipo makala anali akadali ofiira. Anandifunsa ngati ndidikirabe makaniko. Ndinatola sopo wanga ndi shati n'kuziika m'jumbo imene anandipatsa. Kwathu ndi ku Neno, ndipo msewu wake umapatukira pafupi pomwepo. Ndinali nditaudutsa kambirimbiri osayang'anako. Ndinadzuka, ndinathokoza chifukwa cha moto, n'kuwoloka msewu kukaima mbali inayo.